Kulumpha ndi ndodo: kuchokera pa nsungwi mpaka mamita 6.30

Pa 15 Sepitembala 2025, mumzinda wa Tokyo, Armand Duplantis wa ku Sweden anadutsa pamwamba pa chopingasa chimene chinali mamita 6.30 kuchokera pansi. Aka kanali ka nambala 14 kuti aphwanye rekodi ya dziko lonse ya pole vault, masewera olumpha ndi ndodo yaitali. Ambiri amene amaonera zimenezi pafoni, kapena m'nyumba zoonetsera mpira pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula, amati chinsinsi chili mu ndodo, kuti ndodoyo ndi imene imamuponya munthu kumwamba. Si choncho ayi. Ndodo ilibe mphamvu yakeyake. Imangosunga kwa kanthawi mphamvu imene wolumphayo wabwera nayo pothamanga, kenako n'kumubwezera.

Masamu ake ndi osavuta. Tinene kuti munthu wafika ponyamukira akuthamanga mamita 10 pa sekondi. Liwiro limeneli litasanduka lonse kukhala kukwera, osatayikapo kalikonse, thupi lake lingakwere mamita 5.1. Pakati pa thupi la munthu woimirira, cha pamchombo, pamakhala kale pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, ndiye tikaphatikiza tafika mamita 6 ndi pang'ono. Wina wobwera ndi mamita 8 pa sekondi angakwere mamita 3.3 okha, kuphatikiza mita ija n'kukwana 4.3. Pansi kusiyanako kukuoneka kochepa, koma kumwamba kwadya pafupifupi mamita awiri. Mapewa ndi minofu ya pamimba zimawonjezerako ndithu munthu ali pa ndodo, komabe gawo lalikulu limachokera m'miyendo. N'chifukwa chake mu Sepitembala 2024 ku Zurich, Duplantis atapikisana pa mamita 100 ndi Karsten Warholm, katswiri wothamanga modumpha zotchinga, anapambana ndi masekondi 10.37. Wolumpha ndi ndodo wabwino amayamba wakhala wothamanga wabwino.

Masewerawa anabadwira m'madambo. Ku Friesland m'dziko la Netherlands, komanso m'madera a zithaphwi kum'mawa kwa England, alimi ankawoloka ngalande ndi mitengo yaitali posafuna kuzungulira kukafuna mlatho. Ku Netherlands mpikisano wowoloka madzi chonchi ulipobe, dzina lake fierljeppen, ndipo amayeza kutalika kwa pamene munthu watera. Munthu wokulira m'mbali mwa Elephant Marsh kapena ku Ndindi, kumene bwato amalikankha ndi mtengo ndipo timitsinje timadula njira chaka ndi chaka, sangadabwe nazo zimenezi. Kupikisana pa kukwera m'mwamba kunakhazikika m'zaka za m'ma 1800, ndi ndodo zolemera za mitengo yolimba zokhala ndi chitsulo kunsonga. Ena nthawi imeneyo ankati akaimika ndodo, n'kumaikwera dzanja ndi dzanja. Lamulo la lero limaletsa zimenezo: ukangochoka pansi, dzanja lam'munsi lisapitirire lapamwamba, ndipo lapamwambalo lisasunthire kumtunda.

Bwalo lake lili ndi miyeso yokhazikika. Njira yothamangamo imatalika mamita osachepera 40, m'lifupi mamita 1.22. Kumapeto kwake kuli bokosi lokwiriridwa pansi, mmene nsonga ya ndodo imakalowa: kutalika kwake mita imodzi, kukamwa masentimita 60, n'kumachepa mpaka masentimita 15 kumapeto, kumene kuya kwake ndi masentimita 20. Khoma lakumapetolo siliimirira chilili, limapendekeka madigiri 105 kuti ndodo ipeze mpata wopindikira. Chopingasa chimatalika mamita 4.50, sichipitirira makilogalamu 2.25, ndipo chimakhala pa tizitsulo ta mamilimita 55 tokha, choncho kungochikhudza ndi chifuwa kapena chala chikhoza kugwa. Mizati yonyamula chopingasacho imasuntha. Wolumpha aliyense amauza oyang'anira kuti aisunthire kumatiresi masentimita angati, kuyambira 0 mpaka 80, malinga ndi pamene thupi lake limafika pamwamba penipeni. Ndodo yokha ndi imene malamulo sanaiikire malire: itha kukhala yautali uliwonse ndi yopangidwa ndi chilichonse, bola ikhale yosalala. Amuna odziwa amagwiritsa ntchito za mamita 5 kapena kupitirira pang'ono.

Tsono kulumphako kumayenda bwanji? Titenge munthu wogwiritsa ntchito dzanja lamanja. Wamanzere atembenuze zonse. Dzanja lamanja limagwira kumtunda, lamanzere m'munsi, motalikirana ngati kukula kwa mapewa kapena kuposa pang'ono, masentimita 45 mpaka 60. Adzanyamuka ndi phazi lamanzere, ndipo thupi lidzadutsa kumanja kwa ndodo. Poyamba kuthamanga ndodo imaloza kumwamba, pafupifupi kuimirira, chifukwa ikagona imalemera kwambiri m'manja ndipo imamukokera munthu kutsogolo. Imatsika pang'onopang'ono liwiro likamakwera. Akatswiri amathamanga masitepe 18 kapena 20, ndipo omalizawo ndiwo ayenera kukhala aliwiro kuposa onse, thupi lili njo, mawondo akukwera. Munthu akayamba kutalikitsa masitepe kapena kuwadula pofuna kupeza bokosi, dziwani kuti poyambira pake palakwika, ndipo ndi bwino adutse osalumpha.

Pamene pagona nkhani yonse ndi masitepe atatu omaliza. M'kanthawi kameneka manja amakweza ndodo kuchokera m'chiuno, kudutsa pafupi ndi khutu, mpaka pamwamba pa mutu, nsonga ikutsetserekera m'bokosi. Phazi lamanzere likamaponda komaliza, mkono wamanja uyenera kukhala utawongoka kale kumwamba, ndipo chala chachikulu cha phazilo chikhale pansi penipeni pa dzanja lapamwambalo. Mphunzitsi aime chapambali kuti aone zimenezi, asaime kumbuyo. Phazi likalowa mkati kwambiri, ndodo imagunda khoma la bokosi munthu adakali pansi. Amakokedwa mwadzidzidzi, mapewa ndi msana zimamva kuwawa, liwiro lonse lija n'kuthera m'bokosi. Phazi likatsalira kutali, munthu amangolendewera, ndodo osafika poimirira. Manja akachedwa kukwera, zotsatira zake n'zomwezo. Ndipo wolumpha ayenera kudumphadi, bondo lamanja kutsogolo, chifuwa kutsogolo, osati kungodikira kuti ndodo imunyamule.

Akachoka pansi, kulemera ndi liwiro lake zimapinda ndodo. Apa ophunzira ambiri amalakwitsa chinthu chimodzi: amadzikoka ndi manja msanga chifukwa cha mantha. Kudzikoka kumaimitsa ndodo. Chofunika n'kulendewera ndi mkono wamanja wowongoka, mwendo wamanzere utatsalira kumbuyo uli wautali, kenako n'kuukwapula kutsogolo ndi kumwamba mpaka chiuno chikwere kuposa mapewa, mutu pansi, mapazi kumwamba, thupi litagundana ndi ndodo. Zonsezi zichitike ndodo isanayambe kuwongoka. Ndodo yopindika ili ngati mtengo wa msampha: ikafwamphuka imaponya chimene yapeza kulikonse kumene chaloza. Ikapeza munthu atazondoka kale, imamuponya kumwamba. Ikamupeza miyendo idakali kutsogolo, imamuponyera pa chopingasa. Pamapeto pake thupi limatembenuka kuti mimba iyang'ane chopingasa, dzanja lamanzere limasiya, lamanja limakankha komaliza, miyendo imatsikira kuseri, manja n'kuwataya kumbuyo. Kutera ndi chagada, pakati pa matiresi. Kutera ndi mapazi pamatiresi ofewa kumabinya akakolo.

Tisaiwale kuti bokosi limadya masentimita 20. Wogwira ndodo pa mamita 5.00 dzanja lake limafika mamita 4.80 okha kuchokera pansi ndodo ikaimirira. Kuti adutse mamita 6.00 ayenera kukwera mamita 1.20 kupitirira dzanja lake, ali chadodolido. Apa mpamene pamaonekera kusiyana kwa katswiri ndi wongoyamba, amene nthawi zambiri sadutsa n'komwe pamene wagwira.

Pampikisano, munthu amasankha yekha poyambira ndipo akhoza kudumphitsa miyeso ina posunga mphamvu. Akalephera katatu motsatizana, ngakhale pamiyeso yosiyana, watuluka. Kugwira chopingasa ndi dzanja kuti chisagwe ndi kulephera. Ndodo ikathyoka samuwerengera, amabwereza. Awiri akafanana, amaona amene walephera kochepa pa muyeso womaliza umene anadutsa, kenako pa mpikisano wonse. Kuyambira pamwamba kwambiri kuli ndi ngozi yake: pa Olimpiki ya 1992 ku Barcelona, Sergey Bubka, amene panalibe womuyandikira nthawi imeneyo, anatuluka m'ndime yomaliza osadutsa ngakhale kamodzi.

Mbiri ya marekodi imatsata mbiri ya ndodo ndi ya poterapo. Pa Olimpiki yoyamba ya 1896 ku Athens, William Hoyt wa ku America anapambana ndi mamita 3.30. Kenako kunabwera nsungwi, yopepuka kuposa mitengo ija, choncho anthu anayamba kuthamanga nayo mwaliwiro. Rekodi yoyamba yovomerezeka inali ya Marc Wright, mamita 4.02, mu 1912. Ku Berlin mu 1936, Shuhei Nishida ndi Sueo Oe a ku Japan anafanana pa mamita 4.25, wina n'kupatsidwa mendulo ya siliva wina ya buronzi. Atabwerera kwawo anadula mendulozo pakati n'kuzilumikiza, aliyense n'kukhala ndi theka la iyi ndi theka la iyo.

Mfumu ya nsungwi anali Cornelius Warmerdam, mwana wa mlimi wa ku California, amene anaphunzira kulumpha kumunda ndi nthambi ya mtengo wa pichesi, akutera pamulu wa dothi. Mu 1942 anadutsa mamita 4.77, ndipo rekodiyi inakhala zaka 15. Sanapite ku Olimpiki chifukwa ya 1940 ndi ya 1944 zinalephereka ndi nkhondo. Nambala imeneyi, 4.77, ndi yofunika kuti mphunzitsi aliyense wa masewera kuno kuchigwa cha Shire aidziwe, chifukwa inachitika ndi nsungwi, chinthu chimene sitichita kuitanitsa kunja.

Nkhondo itasokoneza malonda a nsungwi zochokera ku Asia, kunabwera ndodo za aluminiyamu ndi zachitsulo, koma zinangowonjezera pang'ono: Bob Gutowski 4.78 mu 1957, Don Bragg 4.80 mu 1960. Chimene chinasintha zinthu ndi ndodo za fibreglass, zopangidwa ndi ulusi wa galasi, zimene zimapindika n'kuwongokanso. George Davies anaika rekodi yoyamba ndi ndodo yotere mu 1961, mamita 4.83, ndipo mu 1963 Brian Sternberg anali atafika kale mamita 5.00. Ndodo yopindika sitaya mphamvu zambiri pogunda m'bokosi, komanso ikapindika imafupika, motero munthu amatha kugwira pamwamba kwambiri n'kuiimikabe. M'zaka zomwezo matiresi a siponji analowa m'malo mwa mchenga ndi utuchi. Zimenezi anthu saziyamikira mokwanira. Pamchenga umayenera kutera ndi mapazi, choncho maganizo amagawikana. Pasiponji munthu amaika mtima wonse pa kukwera.

Bubka wa ku Ukraine, wophunzitsidwa ndi Vitaly Petrov, ndiye anayamba kudutsa mamita 6.00, ku Paris pa 13 Julayi 1985. Ankagwira pamwamba kuposa anzake, pa ndodo zolimba zimene ena sakanatha kuzipinda, chifukwa liwiro anali nalo. Anaphwanya rekodi ka 35, m'mabwalo apanja ndi amkati, nthawi zambiri ndi sentimita imodzi yokha, ndipo anapambana mpikisano wa dziko lonse ka 6 motsatizana kuyambira 1983 mpaka 1997. Mamita 6.15 amene analumpha ku Donetsk mu 1993 anakhala zaka 21, mpaka Renaud Lavillenie wa ku France anadutsa 6.16 mumzinda womwewo mu 2014, Bubka akuonerera. Duplantis, wobadwa mu 1999 ku Lafayette m'dziko la America, bambo ake katswiri wa masewera omwewa ndipo mayi ake a ku Sweden, anayamba ali kamwana pabwalo limene anamanga kuseri kwa nyumba yawo. Anatenga rekodi mu Febuluwale 2020 ku Toruń ndi 6.17, anadutsa 6.25 pa Olimpiki ya 2024 ku Paris, n'kumawonjezera sentimita imodzi nthawi iliyonse. Kuwonjezera pang'onopang'onoku kuli ndi chifukwa chake, pakuti rekodi iliyonse yatsopano imabwera ndi ndalama zake.

Akazi anachedwetsedwa kwambiri, ndipo panalibe chifukwa chomveka. Analoledwa pa Olimpiki mu 2000 ku Sydney, kumene Stacy Dragila wa ku America anapambana ndi 4.60. Patangopita zaka zisanu, Yelena Isinbayeva wa ku Russia, amene anayambira masewera a jimunasitiki ali mwana, anadutsa mamita 5.00 ku London mu Julayi 2005, kenako 5.06 ku Zurich mu 2009. Kuno ku Africa dzina lalikulu ndi Okkert Brits wa ku South Africa, amene analumpha 6.03 ku Cologne mu 1995, napambana golide pa masewera a Commonwealth a 2002 ku Manchester.

Nanga sukulu ya ku Chikwawa kapena ku Nsanje ingayambe bwanji? Ndodo za fibreglass ndi matiresi ovomerezeka n'zodula, ndipo ndi zimene zimatsekereza mayiko ambiri osauka kunja kwa masewerawa. Koma zinthu zitatu zimene zimapanga wolumpha, kuthamanga ndi ndodo, kuiika pa nthawi yake, ndi kunyamuka bwino, zimaphunzitsika ndi nsungwi pamchenga.

Sankhani nsungwi yokhwima, youma, yowongoka, yotalika pafupifupi mamita atatu, yoti dzanja la mwana liizungulire bwino. Yaiwisi imalemera ndipo imapindika osabwerera. Yang'anani mfundo iliyonse: kabowo kotulutsa ufa ndiye kuti yafumbwa, itayeni, ndipo mng'alu ngakhale waung'ono ndi chimodzimodzi, chifukwa nsungwi ikasweka imang'ambika m'litali n'kusiya timipeni tocheka m'manja. Dulani kumunsi pansi penipeni pa mfundo kuti nsonga ikhale yotseka, mumange ndi malegeni kuti isang'aluke. Pogwirira kulungani tepi yansalu, popeza thukuta limateretsa. Musanampatse mwana, munthu wamkulu aizike pansi mopendekeka n'kuilendewera. Ndipo nsungwi si yopinda dala. Luso lake ndi lolendewera pa ndodo yowongoka.

Dzenje la mchenga limene sukulu imagwiritsa ntchito pa long jump ndi lokwanira, bola mchengawo ukhale wosefa, wopanda miyala ndi zibuma, wotipulidwa mpaka kuya kwa masentimita 30 kapena 40 tsiku lililonse lophunzira. Kumbani kadzenje mumchengamo m'malo mwa bokosi. Mwana aimike ndodo, atambasule mkono wamanja kumwamba, agwire pamene wafika. Ayambe ndi kuyenda, kenako masitepe awiri, anayi, asanu ndi limodzi, akutera ndi mapazi onse awiri, akuyang'ana kutsogolo, ndodo idakali m'manja. Mpikisano ukhale wa kutera patali ndi molunjika. Akamatera patali mosavuta kangapo motsatizana, dzanja likwere ndi chikhatho chimodzi, osapitirira apo. Akayamba kupatukira kumbali, kapena ndodo ikamaima pakati ngati ikufuna kubwerera, dzanja litsike nthawi yomweyo. Ngozi zoopsa kwambiri m'masewerawa zimachokera pa kugwira pamwamba kuposa liwiro limene munthu ali nalo: ndodo imalephera kuimirira, munthu n'kugwera chagada m'bokosi kapena panjira yolimba. Pamchenga pasakhale kuzondoka mutu pansi. Ngati mukufuna kuika chodutsa, chikhale chingwe chongoyedzamira pamisomali kuti chigwe chikakhudzidwa, ndipo chisapitirire msinkhu wa mwanayo.

Ana akaphunzira zimenezi adzafuna kukayesa pangalande za m'minda ya nzimbe ndi m'makhwawa olowa mu Shire. Aletseni mosabisa mawu. Nsonga imatitimira m'matope, ndodo imaima pakati pa madzi, ndipo madzi athu ali ndi ng'ona.

Nyengo ya kuno nayo ili ndi malamulo ake. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, choncho kuphunzira kuchitike mmamawa kapena dzuwa litapendeka, madzi akumwa ali pafupi. Mwana wotopa miyendo imalemera, masitepe amasintha, ndipo ndi nthawi imene amaphonya ponyamukira. Akayamba kutero, zathera pomwepo tsiku limenelo. Njira yothamangamo iyang'ane kumene mphepo imapita nthawi zambiri. Mphepo yochokera kumbuyo imathandiza, ndipo m'masewerawa siilepheretsa rekodi ngati mmene zilili pa mamita 100. Yochokera kutsogolo imadya liwiro, yochokera m'mbali imakankha nsonga kuti iphonye bokosi.

Sukulu kapena kalabu ikadzapeza ndodo ya fibreglass, iwerenge manambala olembedwa kumtunda kwake: kutalika, ndi kulemera kwa munthu amene ndodoyo ingamunyamule. Wolemera kuposa nambalayo asaigwire, chifukwa imapindika mopitirira n'kuthyoka. Isapondedwe ndi nsapato zamisomali, isagwere pamwala kapena pachitsulo cha mizati, isasiyidwe padzuwa. Kakukalika kooneka kachabechabe ndi pamene imadzathyokera. Pophunzira pakhale munthu woiwakha ikamagwa. Koma ndalama zikapezeka, choyamba kugula si ndodo, ndi poterapo. Pamipikisano ikuluikulu matiresi amakhala mamita 6 m'litali, 6 m'lifupi, masentimita 80 kuchindikala, kuphatikiza zigawo ziwiri zotulukira kutsogolo zotchinga bokosi mbali zonse. Matiresi ogonera osanjikiza salowa m'malo mwake: amatsetsereka, amasiya mipata pakati, ndipo munthu wogwa kuchokera mamita atatu amawaphwatalala mpaka kugunda pansi. Zigawo zonse zimangiriridwe pamodzi ndi kuphimbidwa ndi chinsalu chimodzi chachikulu, ndipo zigawo za m'mbali mwa bokosi zisasowe, chifukwa ophunzira ambiri akalakwitsa amagwera pamenepo.